Mtima wa Chivwende Unapita kwa Mbuzi

Kunyumba kwathu chivwende chikadulidwa, pali kachidutswa kamodzi kamene sikagawidwa mwachisawawa. Ndi ka pakati penipeni paja, kofiira kwambiri, kopanda njere, kamene kamasungunuka kasanafike n'kukhosi komwe. Ife timakatcha mtima. Kuyambira chaka chimene ndinakwatira kuno ku Nkope, mtimawo unali wanga. Akazi anga ankaubaya ndi nsonga ya mpeni n'kundipatsa osanena kanthu, ana akumeza malovu, ine n'kudya ngati munthu amene boma lamulembera kalata yomuloleza. Sindinaupemphepo ngakhale kamodzi. Unkangobwera wokha, monga umabwerera mwera nyengo yake ikakwana.

Tsiku lina masana, tili pakhonde, ndinatambasula dzanja monga mwa masiku onse. Mpeni unandidutsa. Unapita kumanzere kwanga, kumene kunaima mbuzi.

Ndikulumbira pamaso pa Mulungu, mbuziyo isanadye inayamba yandiyang'ana kaye. Inatafuna pang'onopang'ono, madzi ofiira akuyenderera m'ndevu zake, maso ali pa ine. Itameza inabzikula, kuti iumve kachiwiri. Dzanja langa linatsala m'malere mpaka ndinachita kulipezera ntchito yokanda m'mutu.

Ine kwathu ndi ku Ntcheu. Kuno ndinabwera atandituma kudzaphunzitsa masamu kupulaimale, ndili ndi sutikesi imodzi ndi tayi wa malemu bambo anga. Ndinaona mtsikana akuyanika usipa pathandala, pamene asodzi amaumitsirapo nsomba paja, ndipo maganizo obwerera kumapiri anathera pomwepo. Kuti ndimukwatire ndinasiya mowa, ndinasiya nkhumba, ndinalowa Chisilamu n'kuphunzira kuswali, ndinalolanso zina zimene mwamuna wamkulu salemba m'buku. Ndinamanga nyumba pamalo a kwawo monga mkamwini aliyense. Tinabereka ana atatu. Anyamata awiri ali ku Joni, wamkazi anakwatiwa ku Zomba. Ine ndinakwera mpaka kukhala ahedi, kenako ndinapuma pantchito. Nyumba inakhala zii, ndipo ndinaganiza kuti tsopano yafika nthawi yanga yoti ndizisamalidwa ndekha, popanda wopikisana naye.

Ndiye kunabwera alamu anga, achimwene awo a akazi anga, msodzi amene nyumba yake yagundana mpanda ndi yathu. Anachokera kumaliro ku Katuli atabisa chinthu m'jekete. Atatsegula, tinaona kamwana ka mbuzi, kakuda, kamawanga oyera pamphuno, miyendo ngati ndodo zinayi zomangidwa ndi luzi. Make anafa pobereka.

"Mukalere, achemwali," anatero alamuwo. "Chaka chamawa pa Idi tidzazinge."

Akazi anga anakalera ndi botolo. Mkaka unkafunditsidwa n'kuyesedwa pamkono, monga ankachitira ndi ana athu. Kankagona m'dengu kukhitchini, pa juzi yanga yakale imene ine sindinkadziwa kuti ndi yakale. Katakula pang'ono anakathena kuti kasamanunkhe ngati atonde anzake, ndipo tsiku limenelo ndi lokhalo limene ndinakamvera chisoni, pa zifukwa zanga.

Idi inafika. Alamu ananola mpeni kuyambira m'mawa mpaka unayamba kudula mphepo. Atafika pakhola anapeza mlongo wawo ataima pakhomo, manja ali m'chiuno.

"Mukufuna chiyani, achimwene?"

"Si tinagwirizana?"

"Munagwirizana ndi jekete lanu. Mukafuna kuzinga iyi, yambani mwazinga ine."

Chaka chimenecho pa Idi tinadya mpunga ndi utaka. Mudzi wonse unkanunkhira nyama, ife tikulavula minga, mbuzi ili gone pamkeka pambali pathu ikutiyang'anira.

Chaka chomwecho ku chipatala anandipeza ndi bipi. Anati magazi anga akuthamanga ngati akuthawa chinachake, ndipo akazi anga, amene anandiperekeza, anamva mawu amodzi okha: mchere. Kuyambira tsiku limenelo ndiwo zanga zinayamba kuphikidwa m'kapoto kakekake. Chambo chopanda mchere chimakoma ngati pepala la mayeso lonyowa. Ndikudziwa chifukwa ndinayesapo zonse ziwiri.

Musaganize kuti mbuziyo inkavutika ndi njala. Chakudya chake chenicheni chinali masamba ndi udzu, monga mbuzi ina iliyonse ya Mulungu. Zimene zinkandipweteka ine ndi zapamwambazi, zokometsera kukamwa, zimene akazi anga ankati "tokondweretsa mwana". Khoko la nthochi linkatsukidwa. Nthochi yeniyeniyo ndinkapatsidwa ine ndi fumbi lake la kumsika, koma khoko lake ndi limene linkasambitsidwa m'madzi a pamjigo n'kudulidwa tizidutswa. Mango ankachotsedwa njere kuti mwana angatsamwe. Dzungu laliwisi linkadulidwa molingana ndi chala chachikulu, osapitirira. Kholowa ankamusankha tsamba ndi tsamba. Masangwi a mtedza, masamba ndi mitengo yake ija imatsala pokolola, ankaumitsidwa pamthunzi n'kusungidwa kudenga ngati zovala za paukwati. Chilichonse ankayamba achinunkhiza, ndipo chikangomveka kafungo ka chuku chinkapita kudzala. Mapeyala ayi, ngakhale masamba ake. Mandasi ayi. M'mawa uliwonse ankazungulira bwalo lonse kutola majumbo, chifukwa anati jumbo likalowa m'mimba mwa mbuzi silituluka mpaka mbuziyo itatsegulidwa ndi mpeni.

Nyengo yotentha, mitengo ya nsangu ikayamba kugwetsa zipatso zake zopiringizika ngati khutu zija, akazi anga ankanyamuka ikangotha swala ya m'mawa, pemphero la m'bandakucha lija, dengu lili pamutu, kukalimbirana ndi ng'ombe za eni ake. Munthu amene ankandiuza kuti bondo likuwawa ndikamupempha kuti andipatsire wailesi, ankayenda mpaka kudambo chifukwa cha mbuzi. Pobwera ankaipatsa zipatso zisanu, zina n'kusunga. Ankati zokoma zikachuluka zimasanduka matenda.

Ndiye panali madeya. Dzanja limodzi lokha, osati awiri, chifukwa mbuzi ikakhuta madeya kapena chimanga mimba imatupa ngati ng'oma. Ndipo pamwamba pa madeyawo ankawazapo kamchere.

Ndinapirira masabata angapo, kenako ndinafunsa.

"Amayi, mchere mwaika m'madeyawo ndi uja munachotsa m'ndiwo zanga?"

"Ndi womwewo."

"Ndiye mbuzi ilibe bipi?"

"Mbuzi simvera mpira pawailesi."

"Chabwino. Nanga chivwende? Adokotala anatchula chivwende?"

"Sanatchule."

"Ndiye?"

"Abambo, mwadya mitima ingati moyo wanu wonse? Iyi yangoyamba kumene."

Koma chimene chinkandilasa kwenikweni sichinali chakudya. Chinali pachipata. Kale akazi anga akamachokera kumsika ankati akangotsegula chipata, n'kuitana, "Abambo, mwaswera bwanji?" Tsopano mawu oyamba anali akuti, "Mwanangu, waswera bwanji iwe?" Mbuzi n'kuyankha kuchokera kulikonse kumene ili, n'kuthamanga makutu akuuluka. Ankakambirana kaye awiriwo, kukandana kuseri kwa nyanga, kufotokozerana za ulendo. Akamaliza m'pamene ankatembenukira kwa ine: "Madzi mwaipatsa?" Amenewo ndiwo anali moni wanga.

Kugombe nako nkhani inafika. Ndikapita kukakhala ndi amuna anzanga pamene akusoka maukonde, alamu ankayamba asanandipatse n'pokhala pomwe.

"Ahedi, mwamuna mnzanu wadzuka bwanji?"

"Wadzuka bwino."

"Lero ndi tsiku la ndani, lanu kapena lake?"

Onse ankaseka mpaka singano kugwa m'manja. Ine ndinkaseka nawo, koma ndi mano okha.

Ndinakhala pansi n'kuiganizira nkhaniyi monga mphunzitsi wa masamu. Kuipha sindikanatha. Mtima wotero ndilibe, komanso ndikanakhala woyamba kuganiziridwa. Kuigulitsa n'kosatheka, poti pamudzi pano mbuziyo ndi ya eni mudzi, wobwera ndine. Yankho lotsala linali limodzi: kuilanda. Mbuzi ikonde ine. Akazi anga adzafike pachipata, aitane mwana wawo, mwanayo ali gone pamapazi anga osatembenuka n'komwe. Adzalawe zimene ndinkalawa ine. Akadzalawa, adzandikumbuka.

Ndinayamba ndi khoko la nthochi. Mbuzi inalinunkhiza n'kuyang'ana kumbali ngati mlendo wolemekezeka amene wapatsidwa madzi m'kapu yakuda. Ndinalitsuka ndi sopo, inayetsemula n'kuchokapo. Tsiku lina ndinalawirira ndekha kunsangu, ng'ombe yamphongo inandithamangitsa kuzungulira mtengo katatu, ndinabwerako ndi zipatso zinayi ndi nsapato imodzi. Mbuzi inadya zinayi zonsezo m'dzanja langa, n'kupita kukaima pachipata kudikira akazi anga. Chokhacho chimene inalandira kwa ine ndi mtima wonse ndi kalendala ya pabalaza. Inadya mwezi wathunthu, ndipo chaka chimenecho kunyumba kwathu kunalibe Novembala. Funsani aliyense.

Mwayi wanga unabwera m'thumba. Abale a ku Katuli anatitumizira chinangwa, chowawa chija chimene amayamba achinyika m'madzi masiku angapo, kenako n'kuchiyanika, n'kusinja ufa. Lachitatu masana akazi anga anachisenda pafupifupi chonse, n'kuchinyika m'migolo. Makoko sanawataye. Anawawola onse mosamala, osasiya ngakhale limodzi pansi, n'kukawayala pamwamba pa thandala lathu lakale kuseri kwa nyumba, pamene mbuzi singafikire.

Mbuziyo inapenga. Sindinaionepo ikufuna chinthu chotero. Inaimirira ndi miyendo iwiri, inalira, inazungulira thandala, inayesa kukwera mzati ngati nyani.

"Iwe, ayi," anatero akazi anga. "Dikira aume." Kenako kwa ine, osatembenuka: "Abambo, makoko awa musawakhudze."

Chifukwa chake sananene. M'nyumba mwathu zifukwa sizinenedwa. Mawu akuti "musakhudze" ndinali nditawamva pa mchere, pa shuga, pa lumo latsopano ndi pa mbale za alendo. Ndiye ndinawamva monga amamvera mwamuna wansanje: akusunga kuti adzapereke okha, mbuzi idzawakonde kuposa kale.

Apa ndiyenera kudziteteza pang'ono. Kwathu ku Ntcheu chinangwa chimene ndinakula nacho n'chozuna, manyokola. Timazula, kusenda ndi mano, kutafuna chachiwisi tikuyenda, makoko n'kuponyera mbuzi ili yonse imene ili pafupi. Palibe inafapo. Kuti chowawa chimanyikidwa ndinkadziwa, ndakhala ndikuona akazi akuchita zimenezi zaka zonse ndili kuno. Koma ndinkaganiza kuti ndi nkhani ya lilime chabe, kuti kuwawa kuchoke. Ndiye ndinati, nyama imene inadya Novembala yense ingadandaule ndi kuwawa?

Lachinayi m'mawa akazi anga anakwera minibasi kupita ku boma, kukagula nsalu ndi mankhwala anga amene anali atatsala pang'ono kutha. Fumbi la pachipata lisanakhazikike, ine ndinali nditagubuduza mtondo, kuutembenuza, kukwerapo. Makoko a pamwamba anali atayamba kufota. Ndinawakankhira pambali n'kusankha a pansi, onyowa bwino, onona. Ndinadzaza kabeseni. M'thumba munali mutatsala zinangwa ziwiri zosasenda, ndinadula chimodzi n'kuikapo ngati basela.

Zimene zinachitika kenako ndimazikumbukabe ndi chimwemwe, ngakhale sindiyenera. Mbuzi inadya ikundiyang'ana ndi maso ena, maso amene ndinkangowaona akupita kwa wina. Itamaliza inanyambita beseni, inanyambita dzanja langa mpaka m'chigongono. Ndinapita kukhitchini, inanditsata. Ndinapita kuchimbudzi, inandidikira pakhomo ngati mlonda. Ndinatulutsa mpando n'kuuika moyang'ana chipata, kuti akazi anga akadzangotsegula adzaone bwinobwino. Mbuzi inabwera n'kutsamiritsa mutu pabondo langa. Ndinaikanda kuseri kwa nyanga. Ndinaiuza za ku Ntcheu, za mbatata ya kachewere, za kuzizira kwa m'mapiri. Ndinaitcha mwanangu. Inde, ndinatero.

Ufumu wanga unatenga theka la ola.

Ndinayamba kumva mutu wake ukulemera pabondo. Kenako inadzuka, n'kuyenda ngati munthu wochokera kumowa wa masiku awiri. Inayamba kupuma mwawefuwefu, kukamwa kuli yasa, thovu likutuluka. Minofu ya m'miyendo inkanjenjemera yokha. Inafika pakati pa bwalo, miyendo yakutsogolo inapinda, inagwa chammbali.

Ndinakuwa. Sindikumbuka kuti ndinakuwa chiyani, koma alamu amati ndinaitana amayi anga amene anamwalira kalekale. Anali akusoka ukonde kuseri kwa mpanda, ndipo analowa osadzera pachipata.

"Mwaipatsa chiyani?"

"Masamba."

"Ahedi, masamba anji?"

Maso anga anathawira kuthandala. Anaona mtondo uli chadodolido pansi pa thandala, anaona kabeseni konyambitidwa mpaka kuwala. Anagwira m'mutu.

"Alamu, mwapha mwana wa eni ake."

"Ndi makoko chabe. Kwathu timaponyera..."

"Kwanu! Chinangwa ichi chachiwisi chimapha munthu wandevu. Mukuganiza kuti akazi amachinyika m'madzi chifukwa chosowa ntchito? Makokowo anawaika pamwamba kuti dzuwa lichotse ululu. Zaka zonsezi mwakhala kuno mumayang'ana chiyani, nyanja?"

Anatulutsa foni n'kuimbira alangizi a ziweto. Alangiziwo anali pamsika wina kumpoto kwa mudzi wathu, kumene ankatemera ziweto, ndipo njinga yawo yamoto inali itaphulika tayala. Anati mankhwala ali nawo m'chikwama, koma tithamange nayo msanga, chifukwa ululu wa chinangwa sudikira.

Tinayesa kuigoneka pakaliyala ya njinga yanga, inkangotsetsereka ngati thumba la mchenga. Alamu anayang'ana uku ndi uku, n'kusolola chitenje cha mlongo wawo pachingwe choyanikira.

"Weramani."

"Alamu, ine ndine munthu wodziwika."

"Weramani, ahedi!"

Anandibereka mbuzi kumsana, n'kumanga mfundo ziwiri pachifuwa monga amamangira azimayi. Miyendo yakumbuyo inatulukira m'chiuno mwanga, mutu unagona paphewa. Ndinakwera njinga.

Msewu wa tala umenewo ndauyenda zaka zambiri nditavala tayi, anthu akundivulira zipewa. Tsiku limenelo azimayi a pamjigo anasiya kupopa.

"Ahedi, mwana wadwala?"

"Ndi wamwamuna kapena wamkazi?"

"Wafanana ndi bambo ake ndevuzo!"

Ndinaweramitsa mutu. Ndinapalasa. Walahi, ndinapitirira minibasi ziwiri ndi galimoto ya alendo opita ku Chembe, ndipo alendowo anatulutsa mafoni pawindo, kotero kuti pena pake kunja kwa dziko lino kuli anthu amene amakhulupirira kuti ku Mangochi mbuzi timazilera chonchi. Koma zonsezo ndinaziganiza pambuyo pake. Pa nthawiyo ndinkangomvera mpweya wake pakhosi panga. Unkabwera wotentha, wofulumira, kenako n'kudukiza, ine mtima n'kuima nawo, kenako n'kubweranso. Ndinapemphera m'Chiarabu chochepa chimene ndimadziwa, chitandithera ndinabwerera ku mapemphero a ubwana wanga. Ndinkaona nkhope ya akazi anga akutsegula chipata, akuitana mwana wawo, popanda woyankha. Ndinali nditafuna kuti tsiku lina adzaitane osayankhidwa, koma osati motere.

Alangizi tinawapeza atakonzeka kale pansi pa mtengo wa mango. Anali bambo wamfupi wosalankhulalankhula. Anamasula chitenje, anaigoneka mbuzi, anayang'ana m'kamwa ndi m'maso, anafufuza mtsempha wa pakhosi n'kubaya jakisoni pang'onopang'ono. Anaimwetsanso mankhwala ena a m'botolo.

"Yadya nthawi yanji?"

Ndinawauza.

"Zochuluka bwanji?"

Ndinaonetsa ndi manja kukula kwa beseni, nditalichepetsako pang'ono.

"Anaipatsa ndani?"

"Munthu wina wa kunyumba."

Anandiyang'ana, anayang'ana thovu limene linali paphewa la malaya anga. "Mukamuuze munthuyo kuti makoko a chinangwa chowawa amayamba aumitsidwa padzuwa masiku angapo mpaka azithyoka, ndipo ngakhale atauma amaperekedwa pang'ono. Aawisi ndi poizoni. Tsopano tidikire. Zanga ndachita."

Tikudikira choncho, minibasi yochokera ku boma inaima pamsewu. Alamu anali atawaimbira foni mlongo wawo. Akazi anga anatsika, anawoloka msewu osayang'ana uku kapena uku, anafika n'kugwada pafumbi ndi nsalu yawo yabwino. Anaika mutu wa mbuzi pamiyendo pawo. Ine ndinali nditaima pomwepo, thukuta likuchita kudontha m'zigongono, koma maso awo anandidutsa monga unandidutsira mpeni uja. Anayamba kuilankhula m'Chiyao, motsitsa, mawu amene ankalankhulira ana athu akatentha thupi. Ndinali ndisanawamve mawu amenewo kuchokera pamene wotsiriza anachoka pakhomo. Ndinakhala pansi chapatali, pamuzu wa mtengo, n'kumangomvetsera.

Mthunzi wa mtengowo unasuntha kuchoka pa ine kupita pa iwo. Kupuma kwa mbuzi kunayamba kutsika. Inatukula mutu, inaugwetsanso. Patapita nthawi inapinda miyendo n'kukhala chogona ngati mbuzi yamoyo. Kenako inageya, kugeya kwakukulu kumene kunathamangitsa nkhuku za pamsikapo, inaimirira mwadzandidzandi, inayenda mapazi atatu kubwera kwa ine, n'kuyamba kutafuna chingwe cha nsapato yanga. Ndinaisiya. Ndinaipatsanso phazi linalo.

Pobwerera tinabwereka dengu lalikulu, tinaikamo mbuzi, n'kulimanga pakaliyala. Ine ndinkakankha njinga, akazi anga akuyenda pambali, dzanja lili padengu. Titayenda mtunda wautali, anayamba ndi iwo.

"Ndinakuuzani kuti musakhudze."

"Munandiuza."

"Nanga?"

Ndinali nditakonza mabodza atatu abwino, limodzi lokhudza mphepo. Onse anandithawa.

"Ndimafuna indikonde."

Anaima. "Mbuzi?"

"Kuti inu mumve nsanje."

Anandiyang'ana kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kuyambira kumutu mpaka ku nsapato zopanda zingwe. Ndinkadikira kuti akalipe kapena aseke, koma sanachite chilichonse mwa ziwirizi. Anapisa dzanja m'chikwama n'kutulutsa kapepala ka mankhwala anga ndi botolo la madzi.

"Imwani. Mitsempha yatupa pachipumipo."

Ndinamwa.

"Mwapalasa njinga mtunda wonsewu, dzuwa ili, ndi bipi yanuyo? Mukanagwa pamsewu nonse awiri, ine ndikanayamba kunyamula ndani?"

Ndinaona kuti mwayi wotere subwera kawiri.

"Ndani?" ndinafunsa.

"Yendani," anatero.

Mpaka lero funso limenelo silinayankhidwe. Ndimalikumbutsa pa Idi iliyonse.

Masiku atatu otsatira sindinali abambo m'nyumbamo, ndinali ahedi. "Ahedi, madzi osamba ali kubafa." "Ahedi, sunthani ndisese." Mbuzi inkangopatsidwa udzu wouma ndi madzi, popanda tokondweretsa tilitonse, ndipo inkandiyang'ana ngati ikudziwa amene anaidulitsa zabwino. Kugombe sindinapiteko sabata yathunthu. Nditapita, ndinapeza alamu atandisungira chitenje chakale, ati mwina mwana angafune kupita kusikelo.

Tsiku lachinayi akazi anga anabwera ndi chivwende. Anayala mkeka pakhonde. Ine ndinakhala kumanja kwawo, mbuzi inaima kumanzere, aliyense pamalo ake. Anachidula pakati, chinang'ambika ndi kaphokoso kaja ka chivwende chakupsa bwino. Anazunguliza mpeni, n'kutukula mtima pansonga yake.

Ine manja ndinawakhalira, kuti angandichititsenso manyazi. Mbuzi inatalikitsa khosi.

Akazi anga anayang'ana mbuzi. Anayang'ana ine. Kenako anatsegula pakamwa n'kuuponyamo.

Anatafuna atatsinzina. Ine ndi mbuzi tinayang'anana.

"Eee," anatero atameza. "Kani ndi chonchi."

"Simunalawepo?"

"Ndikanalawa liti? Munabwera inu ndi tayi wanu, mlendo wochokera kutali, ndinati adye asathawe. Munazolowera. Kenako kunabwera uyu wopanda make." Anapukuta mpeni pachitenje. "Nonse awiri mwakula tsopano."

Ndinafuna kunena kanthu, koma ndinapeza kuti pa zaka zonse zimene ndinadya mtima umenewo, sindinafunsepo ngati woupereka amaukonda. Ndinangoti, "Ndi wokoma eti?" Iwo anati, "Kwambiri," n'kudula zidutswa ziwiri wamba, za njere, china kwa ine, china kwa mbuzi atachichotsa njerezo.

Kuyambira pamenepo mtima wa chivwende ndi wa akazi anga, ndipo amaudya pamaso pathu mosabisa. Kunsangu ndimapita ndine, bondo lawo linapezeka kuti limawawadi, ndipo ng'ombe ija tinazolowerana. Makoko a nthochi ndimatsuka ndine, popanda sopo. A chinangwa ndimayanika ndekha pathandala, n'kumawathyola tsiku ndi tsiku kuti ndimve ngati auma, ndipo ndikamatero mbuzi imaima patali, chifukwa kuyambira tsiku lija siilandira chinangwa kuchokera m'dzanja langa ngakhale chouma ngati fupa. Kwa akazi anga imalandira.

Pachipata napo panasintha. Masiku ano akatsegula amati, "Mwaswera bwanji nonse awiri?" Ndimayesetsa kuyankha msanga, koma mnzangayo ali ndi mawu aakulu komanso miyendo inayi.

Mchere sunabwerere m'ndiwo zanga. Ndipo zidutswa ziwiri zija, zimene akazi anga amati amadula mofanana, tsiku lina ndinaziyeza ndi lula yanga yakale ya kusukulu iwo atalowa m'nyumba. Cha mbuzi chinali chachikulu ndi theka la chala. Ndikanayezanso kachiwiri kuti nditsimikize, koma inadya lulayo.